Phesi la Ana Anayi

Ndinabwerera ku Chipata kuchokera kuLusaka ndi dipuloma ya zojambula m'chikwama, ndikuganiza kuti ntchito yanga idzakhala yokonza zikuto za mabuku. Mabuku ofuna zikuto kunalibe. Kunali masitolo. Inali nthawi imene boma linali litangosiya kugulitsa lokha mbewu ndi feteleza, ndipo aliyense wokhala ndi chipinda choyang'ana kumsewu ankaboola khoma, kuika kauntala, kenako n'kufuna chikwangwani. Motero ndinakhala wolemba zikwangwani. Bambo anga, amene anagwira ukalaliki moyo wawo wonse, ankauza anzawo kutchalitchi kuti mwana wawo ali m'zamalonda, osatchula penti amene anali m'zikhadabo zanga.

Ndinkagwirira ntchito pakhonde pa nyumba yathu ku Kapata. Ndinajambula mitu yometedwa bwino ya ometa tsitsi, mabotolo a mafuta ophikira, nsapato, makiyi, ndi njinga zambiri kuposa zimene ndingakumbukire. Mkazi wanga ankaphunzitsa giredi 2. Kwawo kunali ku Chipangali, kwa alimi a chimanga ndi nshawa, ndipo ngakhale anali mphunzitsi, tchuti chilichonse cha dzinja ankapita kukapalira ndi makolo ake. Ine ndinakulira m'nyumba za boma, khasu ndinkalidziwira m'dimba la sukulu. Pa chifukwa chimenechi iye ndi abale ake ankanditchula kuti a Koleji.

Lamulo la ntchito yanga linayamba ndi ng'ombe. Mwini butchala ina anafuna chikwangwani, ndipo ine ndinajambula ng'ombe monga anatiphunzitsira: mizere yochepa, yolimba, yopanda zokometsera. Ndinakondwa nayo. Mkazi wanga anaiyang'ana ali ndi makope a ana m'manja. Kenako anatenga nyuzipepala yakale, n'kumata mawu onse, chithunzi chokha n'kutsala.

"Mangani panjinga," anatero. "Tipite kwa achemwali."

Achemwali akewo, alamu anga, ankagulitsa nshawa mumsika wa Kapata. Ndiwo anali oyamba kubadwa, ndipo sukulu anaisiyira m'kalasi yoyamba kuti azithandiza kumunda, ang'ono awo aphunzire. Sankawerenga, koma pakamwa panali pakuthwa kuposa pa onse ophunzirawo. Tinaimika bolodi patsogolo pa benchi lawo, mkazi wanga n'kufunsa kuti, "Achemwali, mukuona chiyani?"

Alamu anapendeketsa mutu. "Galu," anatero. "Galu wa nyanga. Alamu, kodi kuLusaka amadya zimenezi?"

Amayi a mabenchi oyandikana anaseka mpaka wina anataya chitini choyezera. Ndinabwerera kunyumba ndikukankha njinga, nkhope ili gwa. Panjira mkazi wanga anandiuza mawu amene sindinawaiwale, ndipo anawanena ngati akunena za mtengo wa tomato. Anati kwawo anthu ambiri sawerenga zilembo zanga zokongolazo, amawerenga chithunzi. Choncho chimene ndajambula ndicho ndalonjeza. M'mawa mwake ananditumiza kukhola lina kuseri kwa tauni kuti ndikaone ng'ombe.

Kuyambira pamenepo panali zinthu ziwiri. Sindinkajambula chinthu ndisanachione ndi maso anga. Ndipo bolodi lililonse, lisanapite kwa mwiniwake, linkayamba lapita kumsika mawu atamatidwa. Alamu akaliona n'kunena zawo, ankamatula nyuzipepala ija n'kuisunga yokulungira nshawa. Ankati ndiwo malipiro a woweruza.

Lamuloli linandiyambanitsa ndi anthu, koma mikangano yake inali yoseketsa. Mwini lesitilanti ina ya pafupi ndi pokwerera mabasi anafuna nkhuku yathunthu m'mbale. Ndinapita kukadya kumeneko ndi mkazi wanga, ndipo anatipatsa kantchafu kamodzi aliyense. Ndinajambula ntchafu. Bamboyo analusa, nati nkhuku yathunthu imakhalapo ndithu, kukhitchini. Mkazi wanga anamuyankha mwaulemu kuti ndiye chikwangwanicho akachipachike kukhitchini. Patapita masiku anachitenga, ndipo ntchafu ija inakhala pakhomo pake mpaka dzuwa linaifufutitsa.

Tinakhala m'banja zaka zinayi. M'nyengo yozizira ya chaka chachinayicho mkazi wanga anadwala milungu itatu. Tinakamuika kwawo. Za zimenezi sindilemba zambiri.

Miyezi yotsatira sindinagwire burashi. Ndinkadzuka, kusesa pakhonde, kukhala pampando, kuyankha opereka moni. Maburashi anaumira m'chitini mmene ndinawasiyira. Kumsika ndinkazungulira mbali ya ogulitsa makala kuti ndisadutse pa mabenchi a nshawa. Sikuti ndinali ndi chifukwa ndi alamu anga. Anali ndi kaseko kofanana ndi ka mng'ono wawo, basi.

M'mwezi wa Marichi, chimanga chitabereka m'minda, kunaima vaneti pakhomo panga. Anatsika mkulu wina wa mpingo wathu, bambo wamkulu thupi, wa mawu omveka kutsidya kwa msewu ngakhale akunong'ona. Anali ndi masitolo atatu m'tauni, ndipo ankadziwana ndi bambo anga kuyambira kale. Sanandipepese, anali atapepesa kale pamaliro. Anatenga burashi imodzi m'chitini, n'kuigogoda pachipupa ngati msomali.

"Mwana wa akalaliki," anatero, "ichi n'chiyani? Burashi kapena chotokosera m'mano? Nyamuka, ndili ndi ntchito."

Anali kutsegula sitolo yachinayi ku Chipangali, yogulitsa mbewu ya chimanga ndi feteleza, ndipo ankafuna itsegulidwe anthu akamayamba kugulitsa zokolola. Ankafuna bolodi lalikulu ngati chitseko. Likawasangalatsa, ndidzalembanso masitolo atatu a m'tauni aja ndi zitseko za vaneti. Inali ntchito yondikwanira mpaka mvula ina, ndipo ndinadziwa kuti theka la chifukwa chobwerera kwa ine chinali chifundo.

"Ujambule phesi limodzi," anatero, "lobiriwira, lonenepa. Libereke ana anayi, aliyense wotalika chonchi." Anaonetsa kuyambira pachigongono mpaka kunsonga ya chala.

"Anayi, bambo?"

"Anayi. Mnzanga wa kutsidya kwa msewu kumeneko ali ndi chikwangwani cha ana awiri. Ine ndichepe kwa iye? Munthu amene sabwera ndi kutchalitchi komwe?"

Ndinavomera. Anali munthu woyamba m'miyezi isanu ndi itatu kundifunsa chinthu china osati mmene ndagonera. Ndinaviika maburashi m'palafini, ena n'kutaya, n'kukagula penti wobiriwira ndi wachikasu.

Ndiyenera kunena zoona: ntchito imeneyo ndinaikonda. Dzanja linakumbukira lokha. Ndinapinda masamba ngati akuwombedwa ndi kamphepo, ndinasenda makoko pang'ono kuti njere zionekere, njere iliyonse ndi kadontho kake koyera ngati yanyowa ndi mame. Tsiku lachitatu mayi woyandikana nafe anasuzumira pampanda n'kunena kuti, "Aneba, ndinu mukuimba likhweru? Ndimayesa wailesi." Sindinadziwe kuti ndikuimba. Pofika Lachinayi phesi linali litaima pakhonde ndi ana ake anayi, awiri uku awiri uku, ndipo mpaka lero ndimati sindinajambulepo chinthu chokongola kuposa chimenecho.

Akuluwo anati adzalitenga Loweruka. Lachisanu m'mawa ndinapezeka ndagwada pansi ndikumata mawu ndi nyuzipepala. Ndinali nditamata mzere woyamba pamene ndinazindikira chimene ndikuchita. Panalibe wondituma. Ndikanatha kumatula, ndipo palibe akanadziwa. Koma mumtima ndinali ndi kachiwembu kanga. Ndinkadziwa kuti phesilo ndi bodza, ndipo ndinkafuna wina andinenere. Ndinaganiza kuti alamu akaseka monga anasekera galu wa nyanga, ine n'kukauza akuluwo kuti anthu akumudzi akana. Mlandu wokana ukanakhala wa alamu, ine n'kutsala woyera.

Bolodi linali lalikulu, moti ndinalimanga m'mbali mwa njinga n'kumakankha. Alamu anandionera patali. Anaimirira, manja m'chiuno.

"Amayi inu, taonani amene wauka! Ndimayesa munasamukira kuLusaka kwa agalu a nyanga."

"Muli bwanji, alamu?"

"Ndili bwino kuposa inu. Mwaonda ngati mpini wa burashi. Mukudya penti?" Anandiyang'ana kumaso kanthawi, n'kutembenukira kumbali kukonza mulu wa nshawa umene unali wokonzeka kale. "Tiyeni, imikani tione."

Ndinaimika bolodi pabenchi. Funso lija linali la mkazi wanga, ndipo linandivuta kutuluka. "Mukuona chiyani?"

Alamu sanaseke. Anapukuta manja pachitenje, n'kuyandikira. Anawerenga ana aja ndi chala, osakhudza penti, kuyambira pansi mpaka pamwamba, kenako n'kubwerezanso. Amayi a mabenchi ena anayamba kubwera mmodzimmodzi.

"Chimenechi chikugulitsidwa kuti?" anafunsa alamu.

"Kwanu, ku Chipangali. Sitolo yatsopano."

"Ndigulitsa mbuzi yanga ija yaikazi. Atate abzale munda wonse wa kumtunda chaka chino. Ana anayi! Nkhokwe ija idzachepa."

"Nanenso mundiuze tsiku lotsegula," anatero mayi wina wogulitsa nyemba. "Ndili ndi mlongo wanga kumeneko."

Ndinatembenukira kwa alamu. "Alamu, inu munakulira m'munda. Munaonapo phesi lobereka ana anayi otere?"

"Sindinaonepo," anatero. "Koma masiku ano kukubwera zinthu zambiri zimene sitinazionepo. Ndipo mwajambula ndinu. Mng'ono wanga ankati a Koleji sajambula chimene sanachione."

Ananena zimenezi mosavuta, akuyang'anabe chimanga. Ndinaima pamenepo ndi chingwe cha njinga m'manja. Zaka zinayi za ng'ombe zoona ndi ntchafu zoona ndizo zinapangitsa kuti bodza langa likhulupirike msanga chotero. Akanajambula wina, alamu akanaseka.

"Kulibe," ndinatero. "Chimanga chotere kulibe. Ndangopeka."

Kenako alamu anatola nshawa imodzi n'kundigenda nayo pamphumi.

"Ndiye mwakankha chitseko chonsechi kuchokera kunyumba kudzandinamiza? Mbuzi yanga yakulakwirani chiyani? Amayi inu, munthu uyu amafuna kundidyera mbuzi ndi burashi!" Amayi aja anaseka, wa nyemba uja n'kubwerera pabenchi lake akupukusa mutu. Alamu anatsitsa mawu. "Mwakhalitsa pakhonde, alamu. Mwaiwala chimanga. Pitani kwa atate mukachione, chili m'munda. Akhala akufunsa za inu."

Nyuzipepala sanaimatule tsiku limenelo. Anati woweruza salandira kanthu pa mlandu wonama.

Ndinapita kusitolo ya akulu ampingo aja kukapempha mlungu umodzi. Sindinafotokoze zonse, ndinangoti pali chofunika kukonza. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, nati mlungu umodzi ndi umodzi, ukapitirira pali mnyamata wina wochokera kuKatete amene amalemba mwachangu ndiponso safunsa mafunso.

Loweruka ndinakwera galimoto ya ku Chipangali, ya bokosi kumbuyo, pamodzi ndi matumba a mchere ndi mayi wina wonyamula nkhuku imene inandiyang'anitsitsa ulendo wonse. Sindinapiteko chiikireni maliro. Apongozi aakazi anandilonjera ali chapatali, atakhala pansi chammbali monga mwa mwambo, n'kulowa m'nyumba kukakonza madzi. Apongozi aamuna anali munthu wa mawu ochepa, wowerenga Baibulo ndi kalendala ya mvula basi. Nditawauza chimene ndadzera, anavala chipewa n'kunditsogolera kumunda. Zinachitika kuti chigawo china anabzala mbewu yomweyo imene akulu aja ankagulitsa m'tauni.

Tinayenda mzere ndi mzere. Chimanga chinali chabwino, chondipitirira msinkhu, ndevu zitayamba kuuma. Phesi lililonse linali ndi mwana mmodzi wonenepa. Mwa apo ndi apo panali la ana awiri, wachiwiriyo wochepa, wa njere zoperewera kunsonga. Ndinawauza za phesi langa la pakhonde.

"Anayi?" anatero, akutyola tsamba louma. "Nditapeza lotero m'munda mwanga ndingalizule anthu asanaone. Angati ndikukawa m'minda ya anzanga." Anayenda mapazi angapo. "Koma chaka cha chilala chija anthu anabzala chilichonse chimene anauzidwa. Munthu amene anagonapo ndi njala sachedwa kukhulupirira."

Anandisiya pamenepo ndi kope langa ndi pensulo. Ndinakhala pamzere tsiku lonse. Ndinajambula mmene mwana amapendekera kuchoka paphesi akalemera, mmene masamba apansi amayambira kufiira, mizu ija yotuluka pamwamba pa nthaka ngati zala, ndi nthaka yobandiridwa bwino yopanda udzu. Ndinali nditaiwala kuti pakati pa chimanga pamayanga maungu. Linthumbu linandipeza masana, ndipo ndinavina gule amene ana awiri odutsa ndi mbuzi anamuonera kwaulere.

Kumapeto kwa mzere, pansi pa kamtengo, panali khasu. Linali la mpini waufupi, wopindika pang'ono chapakati, wosalala chifukwa chogwiridwa. Ndinalidziwa, linali la mkazi wanga. Apongozi atabwera kudzanditenga anaona pamene ndikuyang'ana.

"Amayi ake ndiwo akulimira," anatero. "Akuti ndi lopepuka."

Ndinalijambula chifukwa linali pamenepo. Kumanda sitinapiteko, kwathu sapitako wamba. Madzulo tinakhala pabwalo tikukukuta chimanga chootcha, ndipo apongozi anandifunsa ngati penti amathandiza kuti chiswe chisadye chitseko. Tinakambirana za chiswe mpaka dzuwa kulowa. M'mawa anandinyamulitsa maungu awiri ndi kathumba ka nshawa kopita kwa alamu.

Lolemba ndinatsegula chitini cha penti woyera. Ndinaima patsogolo pa phesi lija nthawi yaitali kuposa imene ndingavomere pagulu. Kenako ndinayambira pa mwana wapamwamba kumanzere. Mayi woyandikana nafe anafuula pampanda kuti, "Aneba, mwapenga? Mukanandipatsa ine ndikapachike pabalaza!"

Vuto linali lakuti akulu aja ankafuna kuchuluka, ndipo kuchulukako sikunali kolakwika. Munda wa apongozi unali wochuluka ndithu. Kungoti kuchuluka kwake kunali m'mizere, osati paphesi limodzi. Choncho ndinagoneka bolodi cham'mbali, n'kujambula mzere wathunthu monga ndinauonera nditakhala pansi: mapesi khumi ndi awiri, lililonse ndi mwana wake, awiri mwa iwo ndi kamwana kachiwiri kochepa. Pansi ndinaika nthaka yobandiridwa, dzungu limodzi likusuzumira, ndi khasu kumapeto. Mawu ndinawachepetsa kuti munda upume.

Akuluwo anabwera Loweruka m'mawa ndi vaneti. Anatsika akupukuta thukuta, n'kuima pakhonde. Ndinaona khosi lawo likufufuma.

"Ana anga anayi ali kuti?"

"Werengani, bambo. Alipo khumi ndi anayi."

"Usandiphunzitse masamu, ndinayamba kugulitsa iwe usanabadwe. Ndinati phesi limodzi, ana anayi, otalika chonchi. Ichi ndi chimanga wamba. Aliyense ali nacho kuseri kwa nyumba."

"Ndi cha mbewu yanu. Ndakachiona kumunda kwa apongozi anga. Chabereka bwino."

"Ndiye ukanachiwonjezera pang'ono! Kodi mkazi akadzola mafuta ndiye kuti wanama?"

Ndinali nditakonzekera mawu ambiri, koma anatuluka ochepa. Ndinati amene adzaime patsogolo pa bolodilo ndi abale a mkazi wanga ndi anansi awo, ndipo ambiri adzawerenga chithunzi chokha. Ndinati ngati akufuna anayi, wa kuKatete uja angawajambulire, sindidzadandaula. Koma ine sindingathe.

"Taonani," anatero, akuyang'ana kumwamba ngati akuitana mboni. "Mwana wa akalaliki akulalikira mkulu wa mpingo, Loweruka, pakhonde. Chabwino, kwezani. Ndikaliyang'anire kunyumba, mwina likakula panjira."

"Lisanapite liyenera kudutsa kumsika, bambo. Kwa alamu anga."

"Kukatani?"

"Ndiwo amaona ntchito yanga isanachoke."

Sindidziwa chimene chinawachititsa kuvomera, mwina chidwi chabe. Ndinamata mawu, tinakweza bolodi, ndipo vaneti inakaima pakhomo pa msika. Tinalinyamula awiri, ine kutsogolo, mkulu wa mpingo wa masitolo atatu kumbuyo, akupepesa amayi amene tinkawagunda madengu.

"Ndiye woweruza ntchito yanga ndi mayi wa nshawa?" anatero titafika, akupuma mwabefu.

"Ndinenso wogula mbewu yanu, abambo," anayankha alamu. "Khalani apa, benchi ndi lolimba, linakhalapo matumba."

Ndinafunsa funso lija. Ulendo uno linatuluka bwino.

Alamu anayang'ana kuyambira kumanzere. "Uwu ndi munda wa atate, wa kumtunda. Wapaliridwa kawiri, wabandiridwa. Mwiniwake si waulesi. Aka kachiwirika n'kootchera ana, sikalowa m'nkhokwe. Dzungu ili likanakhwima mlungu wamawa." Anagwedeza mutu. "Mbewu ndi yabwino, ngati munthu ali ndi msana."

"Mugula?" anafunsa akuluwo, atasendera kutsogolo.

"Kapaketi kamodzi, ndiyese kumunda kwanga. Ikachita bwino ndidzabweranso."

"Nanga mbuzi ija?" anafunsa mayi wa nyemba ali pabenchi lake.

"Mbuzi ikhale. Ili ndi bere."

"Mbuzi yanji?" anafunsa akuluwo. Amayi aja anawafotokozera onse nthawi imodzi, aliyense ndi zowonjezera zake. Atamvetsa, anagwira mutu ndi manja awiri. "Wamva? Wandithawitsira mbuzi! Mbuzi yathunthu inali panjira kubwera kusitolo kwanga, iwe n'kuibweza ndi penti woyera!"

"Ikanabwera, abambo," anatero alamu, "chaka chamawa ndikanabwera ine ndi phesi m'manja kudzafunsa ana atatu otsalawo. Ndipo ndikanabwera Lamulungu, pakhomo pa tchalitchi."

Akuluwo anaseka mpaka benchi linalira. Anatapa nshawa pamulu osapempha, n'kumaswa akuyang'ana bolodi. Anati dzungulo ndilichotse chifukwa sagulitsa mbewu ya maungu. Alamu anati likachoka dzungu anthu sadzakhulupirira kuti ndi munda. Dzungu linatsala.

Ndinene pano mmene zinathera, kuti ndisadzionetse wopambana kuposa mmene ndinalili. Bolodi analitenga, ndipo linakhala pasitolo ya ku Chipangali zaka zambiri. Zitseko za vaneti anandipatsa, chifukwa pamenepo pankafunika mawu okha. Masitolo atatu a m'tauni anapatsa wa kuKatete, amene anajambula phesi la ana asanu, ndipo anajambula bwino ndithu. Akuluwo ankandilonjera kutchalitchi ndi mawu akuti, "Abusa a burashi, mbuzi yanga ili kuti?" Ntchito ya mpaka mvula ija sinakhalepo. Ndinabwerera ku mitu yometedwa ndi njinga, ndipo zinandikwanira.

Koma tsiku lija mumsika, akuluwo atapita kukasendeza vaneti, alamu anatsala akuyang'anabe. Anali atafika kumapeto kwa mzere. Anatambasula chala, ulendo uno n'kukhudza penti, pampini pamene papindika.

"Ili ndalidziwa," anatero.

"Linali pamenepo," ndinatero.

"Eya. Ankati lalitali limamupweteka m'mapewa, atate n'kumudulira." Anachotsa chala, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje mwachangu ngati mwalowa fumbi. Kenako anayamba kumatula nyuzipepala mosamala kuti isang'ambike, n'kuipinda kanayi, n'kuiika pansi pa chitini choyezera. Tsamba limodzi analikulunga ngati fanulo, n'kudzazamo nshawa, n'kundiika m'manja.

"Izi mukadye, osati kujambula," anatero. "Ndipo mlungu wamawa mubwere ndi bolodi lina. Miyezi yonseyi ndakhala ndikupempha mapepala kwa wa nyembayu, watopa nane."

Ndinati pali wometa tsitsi wina amene wakhala akundidikira kuyambira chaka chatha.

"Mukayambe mwamuona mutu," anatero alamu. "Mungatibweretsere dzungu la makutu."